Madalaivala Awiri

Ndaziona wabwera ataikumbatira ngati mwana wa malungo,
kompyuta yakuda yonyotsoka m'makona,
wapansi kuchokera ku Brixton mpaka pa kashopu kathu ka ku Mayfair,
kunsi kwa masitepe, pakati pa wometa ndi wogulitsa mafoni.
"Yangoti bii," akutero. "Fani ikuzungulira, kulira ikulira,
koma maso ayi."

Ndalumikiza chingwe. Sikirini yaphethira kawiri,
yalavula mizere yobiriwira,
kenako mdima.

Panja pali dalaivala wina.
A Gonthi aimika kombi, ngolo kumbuyo,
akutafuna kamtengo ka machesi, diso pa wotchi.
Bokosi akalitenga ku mochale folo koloko
ndipo mzere wa pa Beitbridge sumva za maliro.
Chatsala ndi mapepala a mwambo, makope zana,
nkhope ya Lufeyo pamwamba.
Nkhopeyo ili umu, m'chitsulo chakhunguchi.

Ndimayamba ndi zopusa, momwe anandiphunzitsira Moosa:
chingwe china, bowo lina, sikirini ya pa shelefu.
Ndamasula chivundikiro, ndazula khadi la zithunzi.
Fumbi la Joni lachita thonje m'mapiko a fani.
Ndauzira, ndatsokomola,
ndapukuta mano ake agolide ndi labala ya pensulo,
ndalikankhira m'malo mwake mpaka kuti khwa.

Mdima womwewo.

"Usiku inati ikudzikonza," wakumbuka Ndaziona.
"Inalemba kuti musazimitse.
Ndiye magetsi anathima teni koloko, mwa masiku onse."

Basi, ndi pomwepo.
Dalaivala watsopano anafera panjira,
theka walowa, theka ali kunja,
ngati ife tomwe a mapepala ogona ku ofesi.

Ndailowera khomo lakuseri
kumene makina amayenda opanda nsapato.
Zilembo zatupa. Mbewa ikukoka mwendo.
Lufeyo watulukira, koma wotambasuka m'mbali,
masaya ngati wachokera kofula njuchi,
jekete lake labuluu lasanduka lofiirira.
Ndaziona waseka, wagwira pakamwa msanga.
"Sanali wonenepa chonchi.
Ankadya kamodzi kuti atumize kumudzi."

Pa mndandanda pali kachizindikiro kachikasu, nambala 43.
Ndafufuta watsopanoyo ndi nyenyeswa zake zonse.
M'thumba ndili ndi kafulashi kothyoka mutu
komwe ndimasungamo akale, omwe kampani inawaiwala.
Uyu ngwa zaka zinayi zapitazo.
Sathamanga, koma njira amaidziwa.

Kamzere kakukwawa. Makumi atatu pa zana.
Makumi anayi.
Hutala panja, kawiri.
Makumi anayi omwewo.
Sikirini yathima, yayaka, yathimanso,
wometa wasiya mutu wa munthu theka kudzasuzumira,
tonse taiwala kupuma.

Kenako uyo.
Wowonda, makutu oima, jekete labuluu,
akuyang'ana pambali ngati wina wamuitana
wojambula asanadine.

Koma kamzere kamodzi katsala pachipumi, koyera, kopingasa.
Ndatambasula dzanja kuti ndizulenso khadi.
"Siyani," akutero Ndaziona, chala chake pagalasi.
"Chimenecho n'chipsera.
Chopukusira zitsulo, ku Booysens, dzinja latha.
Mukachichotsa amayi ake sakhulupirira kuti ndi iye,
anawatumizira chithunzi chake lisanapole."

Purinta yayamba kutsokomola mmodzimmodzi,
Lufeyo, Lufeyo, Lufeyo, onse ofunda,
wa nambala sikisite-faifi inki yayamba kutuwa.
Tawamanga ndi mphira.
A Gonthi alandira mtolowo osawerenga,
auika pa dashibodi, pamodzi ndi mapasipoti.

Ndaletsa makina kuti asadzikonzenso okha usiku.
Ndaziona adzaitenga akabwerako, sabata ziwiri, mwina zitatu,
zimatengera a pachipata.
Moosa akutseka, akuti zimitsa zonse, magetsi n'ndalama.
Ndati chabwino.
Ndikuyesabe ngati mitundu yakhazikika.